Mzere Umodzi pa CV Yanga

Mnzanga wina adanditumizira pa WhatsApp chilengezo cha ntchito. Bungwe lina lomwe si la boma linkafuna munthu wokathandiza aphunzitsi a makalasi oyamba m'sukulu za m'boma la Lundazi pa kaphunzitsidwe ka kuwerenga. Linkafuna digiri ya zamaphunziro, chiphaso cha Teaching Council of Zambia, munthu amene adagwirapo ntchito kumudzi, komanso wodziwa Chinyanja ndi Chitumbuka. Malipiro ake ankaposa amene ndimalandira pa sekondale imene ndimaphunzitsa kuno ku Chipata, ndipo ine ndili ndi ana awiri ndi ngongole ya kubanki.

Usiku womwewo ndidatsegula CV yanga pa kompyuta. Inali ya masamba anayi, ndipo tsamba loyamba lonse linkanena za ine monga mphunzitsi wa Chingerezi wa m'tauni: digiri ya ku University of Zambia, kalabu ya mtsutso imene ndimayang'anira, misonkhano ya m'mahotela imene ndidapitako. Zaka ziwiri zimene ndidaphunzitsa ana aang'ono pa sukulu ya anthu a m'mudzi kwawo kwa amayi ku Lundazi, nditangomaliza Giredi 12, zidali pa tsamba lomaliza m'mzere umodzi. Ndidaziika kumeneko chifukwa ndinkazichitira manyazi, pakuti malipiro anga nthawi imeneyo anali chimanga ndi nkhuku.

Ndidazikweza pamwamba zaka ziwirizo, nkufotokoza kuti ndinkaphunzitsa zilembo popanda mabuku okwanira, pena kulemba pa dothi. Za mtsutso ndi za mahotela ndidachotsa. Masamba anayi adatsala awiri. Nditawerenganso, ndidaona munthu wina wosiyana ndi wa dzulo lake, chikhalirecho panalibe bodza ngakhale limodzi. Apa mpamene funso lidandigwira: kodi munthu akamasintha mbiri yake kuti igwirizane ndi zimene wolemba ntchito akufuna, akunena zoona kapena wayamba kunama mwaulemu?

Ndikuganiza kuti kusankha pakokha si bodza. Palibe pepala lingakwane moyo wonse wa munthu, choncho CV iliyonse ndi yosankha, ngakhale yoyamba ija ya masamba anayi. Munthu mmodzi yemweyo akapita kwa apongozi, kwa amfumu ndi kuchipatala sanena mbiri imodzimodzi, ndipo sitimutcha wabodza. Amauza aliyense gawo limene likumukhudza. Wolemba ntchito ali ndi mulu wa makalata pa tebulo, ndiye kumusonyeza msanga chimene akufuna kuona ndi kumulemekeza. Akulu adati ukaipa dziwa nyimbo. Kuika patsogolo nyimbo imene ukuidziwadi si mlandu.

Vuto lidabwera pa mzere wa zilankhulo. Amayi anga ndi Atumbuka, koma ine ndidakulira m'tauni. Ambuya akandilankhula m'Chitumbuka ndimamva zonse, ndipo ndimayankha m'Chinyanja monga ndakhala ndikuchitira kuyambira ndili mwana. Moni ndimautha, kugula pamsika ndimatha, koma kufotokozera kholo chifukwa chimene mwana wake akulepherera kusiyanitsa zilembo ziwiri, lilime limandilemera. M'mawa mwake ndidafunsa mphunzitsi mnzanga m'chipinda chathu chopumira. Adaseka nkunena kuti, "Aphunzitsi, lembani kuti mumachidziwa bwino lomwe. Amayi anu si Atumbuka? Mukafika kumeneko miyezi itatu yokha chibwera chokha. Anzanu onse alemba choncho."

Mawu akewo sindidawataye msanga, chifukwa muli nzeru. Mu 2022 boma litalengeza kuti lilemba aphunzitsi 30,000, ofunsira adaposa 100,000. Pa mpikisano wotere, wodzichepetsa amatsala pakhomo. Komanso zilengezo zambiri zimafuna munthu amene kulibe, wazaka zochepa koma wodziwa zonse, ndipo olembawo amadziwa kuti ofunsira amawonjezerako mchere. Ngati onse akudziwa kuti pali mchere, wanamizidwa ndani? Ndiponso mnzangayo sankandiuza kupanga satifiketi yabodza, monga zidapezekera mu 2017 pamene Teaching Council of Zambia idatulukira aphunzitsi mazana angapo okhala ndi mapepala achinyengo. Ankangondiuza kukoka pang'ono chinthu chimene ndili nacho kale.

Chimene chidandiletsa ndi kukumbukira chifukwa chake mzerewo udaikidwa pa chilengezo. Zambia ili ndi zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma lidasankha kuti zizigwira ntchito m'sukulu: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde. Chitumbuka mulibe. Mu 2014, pamene ana a Giredi 1 mpaka 4 adayamba kuphunzitsidwa m'zilankhulo zimenezi, chilankhulo cha chigawo chonse cha Kum'mawa chidali Chinyanja, ngakhale ku Lundazi ndi ku Chasefu kumene ana ambiri amayamwa Chitumbuka. Mwana amene kunyumba amati maji amapeza madzi m'buku, amene amati kuyowoya amapeza kulankhula. Zilankhulo ziwirizi ndi zapachibale, koma kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene akungoyamba kugwirizanitsa liwu ndi chilembo, kusiyana kumeneku ndi mtsinje wofunika mlatho. Bungwelo linkafuna munthu wokhala mlathowo. Ndikadanama, wa mu ofesi sakadataya kanthu. Wolipira bodza langa akadakhala mwanayo, ndi mayi wake amene angabwere ku msonkhano wa makolo nkumangogwedeza mutu osamva bwino zimene ndikunena.

Ndi pamenepa ndidapeza malire amene ndimagwiritsa ntchito tsopano. Mayi wogulitsa tomato pamsika wa ku Lundazi akaika zokongola pamwamba pa mulu, tonse timadziwa mwambowo, ndipo za pansi zikadali tomato. Koma wothira mchenga m'thumba la nsawawa kuti lilemere pa sikelo wagulitsa chinthu chimene alibe. CV ndi lonjezo la zimene udzachite Lolemba loyamba pa ntchito. Mzere uliwonse ndimaufunsa kuti, atandiimika pamaso pa anthu mawa kuti ndichite zimene ndalembazi, ndingathe? Ndikalephera, avutike ndani? Zaka ziwiri za kumudzi zija zidapambana mayeso amenewa. Kudziwa bwino Chitumbuka kudalephera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pa ntchito ya uphunzitsi amene amaluma mkuyuwo ndi ana a eni.

Pali bodza linanso limene sitilitchula kawirikawiri, la kudzichepetsa mopitirira. Kwa zaka zambiri CV yanga inkabisa ntchito imene idandiphunzitsa uphunzitsi kuposa maphunziro ena a ku yunivesite, chifukwa chakuti inalibe chidindo. Anthu ambiri a kumudzi amachita chimodzimodzi. Mtsikana amene wasunga buku la ndalama za gulu la amayi osunga ndi kubwereketsa kwa zaka zitatu osataya ngwee amalemba kuti sadagwirepo ntchito. Ameneyonso sakunena zoona, ndipo wodyeredwa masuku pamutu ndi iye mwini. Kukonza CV molingana ndi ntchito nthawi zina ndiko kumamutulutsa munthu pa bodza lotereli.

Pa mzere uja ndidalemba kuti Chinyanja ndimalankhula ndi kulemba bwino, Chitumbuka ndimamva bwino koma ndimalankhula pang'ono. Adandiitana ku mafunso. Pa msewu wa makilomita pafupifupi 180 wochoka ku Chipata ndidakhala ndikuyeseza mayankho a Chingerezi, koma mafunso ali m'kati mayi wina wa pa gululo adangotembenukira ku Chitumbuka. Ndidamuyankha kuti, "Nkhupulika makora, kweni kuyowoya nkhusuzgika." Adamwetulira nkulemba kanthu. Patapita masabata atatu ndidalandira uthenga wothokoza, wonena kuti asankha wina.

Sindinena kuti chilungamo chidandilipira, chifukwa ngongole ija ikadalipo. Ndivomerezanso chinthu china chimene chimandisowetsa mtendere: ine ndidatha kunena zoona chifukwa ndinali ndi ntchito yobwererako. Msuweni wanga wa ku Lundazi ali ndi dipuloma ya uphunzitsi, ndipo zaka zapita akugulitsa salaula podikira kulembedwa. Kwa iye mzere umodzi ungathe kukhala kusiyana kwa nsima ndi njala, ndiye ndilibe pakamwa pomulalikira ngati kuti tikuyenda njira yofanana.

Mwezi watha adanditumizira CV yake kuti ndimukonzere, atalembamo kuti amadziwa bwino kompyuta. Ndidamuimbira foni nkumufunsa zimene amatha kuchita pa kompyutapo. Adakhala chete, kenako adati, "Asuweni, popanda zimenezo sandiyang'ana nkomwe." Tidacheza nthawi yaitali. Zidatulukira kuti wakhala akuphunzitsa ana a oyandikana nawo kuwerenga pa khonde madzulo alionse, m'Chitumbuka ndi m'Chinyanja momwe, ndipo sadaganizepo kuti zimenezo nzolemba. Tidaziika pamwamba penipeni. Za kompyuta ndidamuuza maganizo anga, koma mzerewo ndidausiya kuti afufute yekha kapena ausunge, pakuti dzina limene lili pamwamba pa pepalalo ndi lake. Loweruka likubwerali akwera basi kubwera kuno, ndipo kompyuta yanga ikhala m'manja mwake sabata yonse.