Kodi Luso la Kulemba N'loyenera Kulitengera Ngongole?

Ku America, wachinyamata wofuna kukhala mlembi wa nthano kapena ndakatulo amauzidwa kawirikawiri kuti akachite digiri yachiwiri ya zolembalemba, imene kumeneko amaitcha MFA. Mwambowu unamera mizu ku yunivesite ya Iowa mu 1936, ndipo lero masukulu ophunzitsa digiriyi ndi oposa 200. Ena mwa iwo amalipiritsa fizi yoposa madola 50,000 pachaka, m'dziko limene anthu oposa 40 miliyoni ali kale ndi ngongole ya sukulu ku boma, yomwe pamodzi ikupitirira madola 1.6 thililiyoni. Nkhaniyi ikabuka, ena amati digiri imene singabweze ndalama zake ndi yachabe, pomwe ena amati kuyeza luso ndi malipiro n'kulinyoza. Ine ndili mbali ya achiwiriwa pa chinthu chimodzi: phindu la ndakatulo silioneka pa malipiro a kumapeto kwa mwezi. Koma choonadi chomwechi n'chimene chikundichititsa kunena kuti luso limeneli siliyenera kutengeredwa ngongole yaikulu.

Aristotle anasiyanitsa zinthu zimene timazifuna kuti zitipezetse zina, monga ndalama, ndi zimene timazifuna pa izo zokha, monga kudziwa choonadi. Kulemba bwino kuli m'gulu lachiwirili. Komatu iyeyo anaonanso kuti ntchito za maganizo zimafuna mpata, nthawi imene munthu sakuthamangira chakudya cha mawa. Mlembi amafunikira zaka zolemba zinthu zosagulitsika, kung'amba, kuyambiranso, kutha miyezi pa buku limene mwina silidzasindikizidwa. Ngongole imadya mpata umenewu. Iyo sisamala ngati mutu wachitatu wa buku wakana kutuluka. Tsiku lolipira likakwana, lakwana. Wobwereka amakakamizika kugwira ntchito iliyonse ya malipiro abwinopo, nthawi zina ziwiri, ndipo kulemba kumene anakongolera ndalama kumasanduka kwa usiku, thupi litatopa kale. Apa ndiye pagona vuto: njira yolipirira maphunziro ikuwononga cholinga cha maphunzirowo.

Manambala amene alipo akusonyeza kukula kwa dzenjeli. Bungwe la alembi la Authors Guild linapeza kuti mu 2017 mlembi wapakatikati mwa amene anafunsidwa anapeza madola 6,080 okha kuchokera ku zolembalemba, ndipo mwa amene kulemba inali ntchito yawo yatsiku ndi tsiku, wapakatikati anapeza madola 20,300. Mu 2021 nyuzipepala ya Wall Street Journal inaunika ziwerengero za boma n'kupeza kuti omaliza digiri yachiwiri ya mafilimu ku yunivesite ya Columbia, amene anabwereka ku boma, anali ndi ngongole yapakatikati ya madola 181,000, pomwe theka la iwo linkalandira ochepera madola 30,000 pachaka patatha zaka ziwiri. Zoona, mafilimu si ndakatulo, koma msika wa zaluso ndi wofanana. Pa chiwongoladzanja cha 7 peresenti, chomwe sichinali chachilendo pa ngongole zotere, madola oposa 12,000 amawonjezeka chaka chilichonse munthu asanakhudze n'komwe ngongole yeniyeniyo. Zinafika pamenepa chifukwa lamulo la mu 2005 linalola ophunzira a digiri yachiwiri kubwereka ku boma ndalama zonse zimene sukulu yatchula, popanda wofunsa ngati maphunzirowo angadzathe kuzibweza.

Palinso mbali ina imene iyenera kuvutitsa chikumbumtima cha munthu wopembedza. Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 15, chinalamula kuti chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse ngongole za pakati pa Aisraeli zizikhululukidwa, pozindikira kuti ngongole yopanda mathero imalanda munthu ufulu wake. Malamulo a ku America amalola wamalonda amene bizinesi yake yagwa kupita kukhoti n'kumasulidwa ku ngongole zambiri, koma ngongole ya sukulu anaipatula: wobwereka ayenera kutsimikizira khoti kuti kulipira kungamuike pa mavuto osapiririka, ndipo muyezo umene makhoti ambiri akhala akutsata kuyambira pa mlandu wa Brunner mu 1987 ndi wovuta kuukwanitsa. Choncho mtsikana wa zaka 23 amene walakwitsa poyesa luso lake amalangidwa kuposa bambo wa zaka 50 amene walakwitsa pa malonda.

Wina anganene kuti digiriyi yatulutsa alembi enieni, ndipo sakunama. Flannery O'Connor anadutsa ku Iowa. Kazuo Ishiguro, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2017, anaphunzira zolembalemba ku yunivesite ya East Anglia ku Britain. NoViolet Bulawayo wa ku Zimbabwe anamaliza MFA ku Cornell mu 2010 n'kupambana mphoto ya Caine chaka chotsatira. Koma mayina amenewa timawadziwa chifukwa anapambana. Anzawo ambirimbiri amene anakhala nawo m'kalasi n'kusiya kulemba sawerengedwa ndi aliyense. Chofunika kwambiri n'chakuti Cornell salipiritsa fizi ophunzira ochepa amene amawasankha pa digiriyi, ndipo amawapatsanso ndalama zodyera. N'chimodzimodzinso ku Michener Center ku Texas, kumene thandizolo ndi la zaka zitatu. Sukulu yotere ikugulira mlembi nthawi, ndipo imeneyo ndiyo mphatso yaikulu ya digiriyi. Sukulu imene ikumuuza kuti akabwereke ikumugulitsa zaka ziwiri za mpata posinthana ndi zaka 20 zopanda mpata. Dzina la digiri ndi limodzi, koma izi ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse ndi ichi: ngati osauka tiwauza kuti asabwereke, ndiye kuti mabuku azilemba ndi ana a olemera okha, ndipo dziko lizimva nkhani za mbali imodzi. Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo siyenera kupeputsidwa. Koma tifunse kuti ngongoleyo imamuthandiza ndani. Mwana wa wolemera akamaliza amakhala mwakachetechete n'kulemba, makolo akulipira lendi. Mwana wa wosauka amatuluka ndi pepala lomwelo pamodzi ndi katundu pamutu. Kusiyana kuja sikunathe, kwangosunthidwira kutsogolo n'kukulitsidwa ndi chiwongoladzanja, ndipo amene walandira ndalama zake zonse nthawi yomweyo ndi sukulu. Yankho la kusalingana ndi thandizo losabweza, malaibulale, magazini olipira alembi, ndi magulu owerengerana zolemba. Kuno kwathu, gulu la alembi limene linayamba ku Chancellor College mu 1970, momwe munali Jack Mapanje ndi Lupenga Mphande, linkachita chimene kalasi ya MFA imachita: kuika ndakatulo ya munthu pakati pa anzake n'kuisenda mopanda chisoni. 

Enanso amati malipiro a zaka ziwiri zoyambirira sanena zonse, chifukwa buku loyamba limachedwa ndipo luso lolemba limathandiza pa ntchito zina monga uphunzitsi, ukonzi ndi zamalonda. Izi n'zomveka pa digiri yoyamba, imene imatsegula makomo a ntchito zambiri posayang'ana kuti munthu anaphunzira chiyani. Pa digiri yachiwiri ya fizi yokwera, mfundoyi imafooka: ofalitsa mabuku amawerenga zimene munthu walemba, osati satifiketi, ndipo malo okhazikika a uphunzitsi pa yunivesite ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi omaliza maphunzirowa chaka chilichonse. Ambiri amathera pa uphunzitsi waganyu, wolipidwa pa kosi iliyonse, wopanda chitsimikizo choti teremu yamawa adzaitanidwanso.