Kodi Choonadi Chimadalira pa Munthu Wochinena?

KWA zaka mazana ambiri, chikalata china cha Chilatini chinalemekezedwa kwambiri mu Ulaya. Chinanena kuti Mfumu Constantine ya Roma, itachiritsidwa khate ndi Papa Sylvester I, inapatsa iye ndi omloŵa m'malo ulamuliro pa Roma ndi maiko a Kumadzulo. Apapa ena anachigwiritsira ntchito kuchirikiza ulamuliro wawo wandale.

Mu 1440, Lorenzo Valla, katswiri wa Chilatini wa ku Italy, anachipenda liwu ndi liwu. Anapeza kuti chinatcha nduna za Roma "asatrapi," dzina la akazembe a Perisiya limene Aroma sanali kupatsa nduna zawo. Ndiponso, chinatchula Constantinople monga likulu la tchalitchi, pamene icho chomwecho chinanena kuti mzindawo unali usanamangidwe. Chilatini chake chinali cha nyengo yapambuyo pake. Lerolino akatswiri amavomereza kuti chikalatacho nchachinyengo, mwachionekere cholembedwa m'zaka za zana la 8, Constantine atamwalira kale mu 337 C.E.

Komabe, Valla sanali wopanda mbali. Panthaŵiyo anali mlembi wa Mfumu Alfonso ya Aragon, imene inali kulimbana ndi Papa Eugene IV kaamba ka ufumu wa Naples. Zimene Valla anavumbula zinapindulitsa mbuye wake. Kodi zimenezi zimaluluza umboni wake?

Pali mafunso aŵiri panopo, ndipo sayenera kusokonezedwa. Loyamba nlakuti, Kodi zimene ananena nzoona? Lachiŵiri nlakuti, Kodi anazinena chifukwa ninji? Cholinga cha mboni chimapereka chifukwa chabwino chopendera mawu ake mosamalitsa, koma sichimasintha zolembedwa m'chikalatacho. Aliyense wodziŵa Chilatini, ngakhale bwenzi la papa, akanatha kuŵerenga ndi kupeza zolakwa zomwezo. Ngati munthu akana umboni wotero kokha chifukwa chakuti wachokera kwa mdani, amadzimana yekha choonadi.

Funso lachiŵirilo limapenda mtima wa katswiriyo. Kuvumbula bodza la mdani sikumafuna kulimba mtima kwakukulu. Chiyeso chenicheni chimadza pamene chikalata chonyengacho chikuchirikiza chipani chake, mtundu wake, kapena womlipira. Wokonda choonadi amagwiritsira ntchito muyeso umodzimodzi ponseponse, ndipo amalandira chiwongolero ngakhale chichokere kwa womtsutsa.