Ngakhale Ngamira ya Mtumiki Inagonjapo



Lero tikambeko za mpira. Musadabwe, tsamba ndi lomwe lija, simunasochere.

Amene mumatsata mpira mukukumbukira August 2021, pomwe Nyasa Big Bullets inapita ku Dar es Salaam kukasewera Kagame Cup. Ichi ndi chikho chomwe amalimbirana matimu a m'chigawo cha CECAFA: Tanzania, Kenya, Uganda, Rwanda, Burundi, Sudan, Zanzibar ndi ena a kumtunda uko. Ndi mpikisano wakale ndithu, wa m'ma 1970, ndipo dzina la Kagame unalitenga mu 2002 pamene mtsogoleri wa Rwanda, Paul Kagame, anayamba kuikapo ndalama. Ife kwathu ndi ku COSAFA, ndiye Maule anapita ngati alendo ongoitanidwa. Koma mlendo uja anadya mpaka kunyambita mbale. Anafika mu fainolo, n'kugonja 1-0 kwa Express FC ya ku Uganda. Zinawawa, koma tinanyadira.

Patatha chaka, mu September 2022, maere a CAF Champions League anatigwetsera Simba ya ku Tanzania. Anabwera pa Bingu ku Lilongwe n'kutithira 2-0 pakhomo pathu pomwe, tikupita kwawo pa Benjamin Mkapa anatithiranso ina 2-0. Amene anatizunza kwambiri anali Moses Phiri wa ku Zambia, dzina ngati la mnyamata wa pa Mchinji apa. Ndipo m'timu yomweyo ya Simba munali mwana wathu Peter Banda, yemwe anachokera ku Bullets konkuno.

Tsopano ndiulule. Usiku wa gemu yoyamba ija ndinalemba zinthu pa Facebook. Sindinalembe za otchinga kumbuyo athu, kapena za kochi. Ndinalemba za Ataifa. Ndinati ndi anthu otere, amadalira zakutizakuti, malonda awo ndi achinyengo. Mawu enawo sindingawabwereze pano. Anzanga anaseka, ena anawonjezera zawo, mtima unakhalako m'malo, ndinagona.

Lachisanu lotsatira pa Jumu'ah, amene anaima pambali panga pa mzere anali m'bale wina wa ku Tanzania yemwe amagulitsa zitenje mumsika. Phewa kwa phewa, phazi kwa phazi. Ndi mnzanga pa Facebook, ndiye zonse zija anaziwerenga. Titamaliza swala anandigwira dzanja, n'kumwetulira, amvekere: "Pole, shehe, mpira umatero." Za post ija sanatchulepo. Abale, manyazi amene ndinamva tsiku limenelo anaposa zigoli ziwiri zija.

Pali nkhani ina yomwe anasimba Anas (radhiya Allahu anhu), imapezeka mu Bukhari. Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) anali ndi ngamira yotchedwa Al-Adhbaa, yomwe pa mpikisano wa liwiro sinkapitiriridwa ndi ngamira ina iliyonse. Tsiku lina kunabwera munthu wa kuchipululu atakwera kangamira kakang'ono, n'kuisiya kumbuyo. Maswahaba zinawapweteka kwambiri. Tangoganizani, timu yanu yosagonja yagwa, ndiponso yagwa kwa munthu wa kumudzi wosadziwika n'komwe. Mtumiki ataona nkhope zawo anawakumbutsa kuti umu ndi mmene Allah anaikira: chinthu cha pa dunia chikakwera, idzafika nthawi yoti chitsike. M'nkhani yonseyi mulibe pamene akunyoza mwini kangamira kaja, kapena mtundu wake, kapena kwawo.

Onani bwino, Mtumiki sanawaletse kupikisana. Iye mwini ankachititsa mipikisano ya mahatchi ku Madina, ndipo anathamangapo liwiro ndi mayi wathu Aisha, ulendo wina Aisha n'kupambana. Komanso hadisiyi sikubisa kuti Maswahaba anamva kuwawa. Ndiye amene amati Msilamu weniweni sangasapote timu, kapena sangakhumudwe timu yake ikagonja, ine sindigwirizana nawo. Vuto limayambira poti kuwawako kukafika pakhosi, pakamwa patuluka chiyani.

Nkhani yachiwiri ndi yomwe imandiopsa ine. Anasimba ndi Jabir (radhiya Allahu anhu). Ali pa ulendo wa nkhondo, munthu wina wa ma Muhajirun anamenya mnzake wa ma Answar. Womenyedwayo anafuula kuitana ma Answar anzake, winayo nayenso anaitana ma Muhajirun. Mtumiki atamva anadzudzula mwamphamvu. Kuitana kotereku anakutcha kwa nthawi ya umbuli, ya Jahiliyya, ndipo analamula kuti akusiye chifukwa ndi chinthu chonunkha.

Apa ndi pofunika kuimapo pang'ono. Answar ndi Muhajirun si maina oipa ayi. Ndi maina aulemu omwe Allah (Subhanahu wa Ta'ala) anawatamanda mu Qur'an. Koma pamene anasanduka mfuu yosonkhanitsira "athu" kuti akalimbane ndi "awo", osafunsa kuti wolakwa ndani, Mtumiki anati zanunkha. Ngati dzina loti Answar lingafike ponunkha chonchi, kuli bwanji dzina loti Maule, Manoma, Simba, Yanga? Kuli bwanji loti Mmalawi? Kukonda dziko lako si tchimo. Kuimba mpaka mawu kusasa timu ya kwanu ikachinya si tchimo. Koma ukayamba kuona munthu ngati wopepera chifukwa anabadwira kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, dziwa kuti walowa mu asabiyya, tsankho lija Chisilamu chinabwera kudzakwirira.

Usiku uno tsegulani Surat Al-Hujurat, si yaitali, ma ayah 18 okha. Ayah 11 ikuletsa kuti gulu la anthu lizinyoza gulu lina, ndi kuitanana maina achipongwe, chifukwa mwina onyozedwawo ndiwo abwino pamaso pa Allah. Ayah 13 ikufotokoza chifukwa chimene tinapangidwira mitundu ndi mafuko: kuti tidziwane, ndipo ulemu weniweni uli pa taqwa. Ine ndimaona kuti mpikisano ngati wa Kagame ndi mwayi wa kudziwana kumeneku. Ndi angati mwa ife tikanadziwa kuti ku Kampala kuli timu yotchedwa Express, yovala zofiira ngati ife? Simba nayonso zofiira. Matimu atatu, mayiko atatu, jezi mtundu umodzi, koma tikutukwanana ngati ena anagwa kuchokera ku mwezi.

Ndiye kwa ife Asilamu a ku Malawi, kunyoza anthu a ku Tanzania kuli ngati kutukwana njira yomwe inatibweretsera madzi. Deen inafika kuno kudzera ku gombe la nyanja ya mchere, ku Kilwa ndi ku Zanzibar, m'zaka za m'ma 1800. Mbiriyo ili ndi mbali yake yowawa, chifukwa m'njira zomwezo munkadutsanso malonda a akapolo, ndipo izi sitibisa. Koma ndi komweko komwe anakaphunzira mashehe athu oyambirira, monga Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda yemwe anapita ku Kilwa n'kubwerera kudzaphunzitsa m'mbali mwa nyanja yathu. Mawu oti mzikiti, mwalimu, anadzera m'Chiswahili. Agogo athu ambiri ankamvera tafsiri m'chilankhulo chomwecho chimene ife lero timachiseka mu ma comment.

Komanso tisaiwale kuti ifenso ndife alendo kwinakwake. Ndi banja liti ku Mangochi, ku Machinga, ku Balaka lomwe lilibe munthu ku Joni? Mu 2008 ndi mu 2015 tinaona abale athu akuthamangitsidwa ku South Africa, ena akubwerera pa mabasi opanda kanthu m'manja. Kumeneko amatitcha makwerekwere, ndipo dzinali limatiwawa. Chimene chinawathamangitsa ndi mtima womwe uja wakuti "anthu awa ndi otere". Zimayamba ngati nthabwala, pa bawo, pa mpira, pa foni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine amene ndinalemba za Ataifa usiku uja ndili ndi mchimwene wanga ku Durban, ndipo tsiku lililonse ndimamupangira dua kuti eni dziko amuone ngati munthu.

Wina afunsa kuti ndiye tisamaseleulane? Ayi aise, mpira wopanda kuseleulana ndi nsima yopanda ndiwo. Muuzeni wa Simba kuti goloboyi wawo anali ndi mwayi chabe. Muuzeni kuti chaka chamawa tidzakumana. Mukumbutseni kuti mu 2004 Bullets, nthawi imeneyo ikutchedwa Bakili Bullets, inafika ndime ya m'magulu ya Champions League pansi pa Kinnah Phiri. Zonsezi ndi za mpira. Koma mayi ake asiyeni, mtundu wake usiyeni, khungu lake ndi kalankhulidwe kake zisiyeni. Muyeso wake ndi wosavuta: chimene mwalembacho, mungathe kuchinena maso ndi maso kwa munthu amene mwangomaliza naye swala? Ngati simungathe, musatumize. Angelo olemba aja sapita kokapuma pa half time.

Ndaonanso kuti nthawi zambiri amene amatukwana kwambiri si amene amakonda timu kwambiri. Ndi amene anabetcha, ndalama ya unit yapita, ndiye mkwiyo akuuthira pa dziko lonse la eni ake. Juga ndi haramu, ndipo imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, tidzaikamba in sha Allah.

Post ija ndinaifufuta Lachisanu lomwelo ndisanatuluke pa bwalo la mzikiti. Koma kufufuta kokha sikukwanira, chifukwa cholakwira munthu chimafuna kuti mwiniwakeyo akukhululukire. Loweruka ndinapita ku benchi yake mumsika kukapepesa. Anandipatsa mpando, anaitanitsa tiyi, ndipo anandikhululukira. Kenako kwa ola lathunthu anandifotokozera, chigoli ndi chigoli, mmene Moses Phiri anatipwetekera. Ndinamvetsera zonse osamudula.

Wassalamu alaikum warahmatullah.