Kunyamula Mlendo Pakhomo: Chifundo Kapena Ngongole?

Neno idakhala boma palokha m'chaka cha 2003, itapatuka ku Mwanza, ndipo chiyambire 2007, pamene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lidayamba ntchito pachipatala, alendo ofika pa Boma achuluka. Ena adzera ntchito, ena maliro ndi maukwati, enanso kudzaona mapiri ndi mathithi a Shire. Mwa alendowo alipo oyenda pa njinga ya olumala, osaona ndi osamva, pakuti kalembera wa 2018 adapeza kuti Amalawi aulumali aposa mmodzi mwa anthu khumi.

Tsono mlendo wotere akafika pa nyumba yogona alendo, napeza makwerero atatu pakhomo, chichitika nchiyani? Anyamata awiri athamanga, namnyamula pamodzi ndi njinga yake, namlowetsa m'chipinda. Onse oona ayamikira, nati, "Anthu akuno ngachifundo." Sanama. Koma funso litsala: kodi mwini nyumba wakwaniritsa zonse zoyenera mlendoyo?

Usiku ukafika anyamata aja apita kwao. Khomo la chimbudzi nlopapatiza, njinga siilowa. Munthu wamkulu, amene walipira chipinda monga anzake, ayenera kusankha pakati pa kudzutsa anthu osawadziwa ndi kupirira mpaka mbandakucha. Moto utabuka, ndiye yekha sangatuluke. Apa pazindikirika kuti kumnyamula kudathetsa vuto la mphindi imodzi, koma kudamsiya m'manja mwa ena usiku wonse.

Mwini nyumba ali nako kuyankha kwake, ndipo nkoyenera kukumva. Anena kuti simenti njokwera mtengo, ndi kuti alendo olumala safika kawirikawiri. Mau oyambawo ngoona, koma achiwiriwo adzitsutsa okha: safika chifukwa adamva kuti palibe polowera. Za mtengo, khomo la masentimita 90 silidya ndalama zambiri kuposa lopapatiza ngati liganiziridwa pomanga. Njira yotsetsereka ifuna kutalika mamita 12 pa mita imodzi ya msinkhu, kotero kuti khonde lalifupi lifuna kanjira kakafupi. Chitsulo chogwirira m'bafa, chipinda chimodzi chapafupi ndi khomo, ndi wantchito wodziwa kutsogolera wosaona, zonsezi nzotheka ngakhale m'nyumba yaing'ono.

Chifundo ndi mphatso imene munthu apereka akafuna, naileka akatopa. Chilungamo ndi ngongole. Wotsegulira anthu nyumba nalandira ndalama zao walonjeza pogona kwa yense wolipira, ndipo sangapereke theka kwa wina chifukwa miyendo yake siiyenda. Malamulo anena chimodzimodzi. Malawi adavomera mu 2009 pangano la United Nations la 2006 loteteza anthu aulumali. Lamulo la 2012 lidaletsa kuwasala, ndipo la 2024 lidalowa m'malo mwake. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silikuza khomo ku Neno popanda mmisiri ndi mwini nyumba kufuna.

Akristu akumbukira wofa ziwalo wa ku Kapernao, amene anzake anai adamtsitsira kwa Ambuye Yezu pobowola denga. Anthu atama anaiwo, ndipo nkoyenera. Komabe denga lidasasulidwa chifukwa khamu lidatseka khomo, ndipo palibe m'khamumo adapatuka. Mphunzitsi wa katekisimu pofotokoza nkhaniyi achita bwino kuyang'ananso makwerero a tchalitchi chake ndi chimbudzi cha kuseri kwake.

Makolo adati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Ngozi yapamseu, matenda ofoola ziwalo ndi ukalamba sizisankha munthu, ndipo womanga makwerero lero angathe kukhala pansi pake mawa, kudikira womnyamula. Chifukwa chake womanga nyumba ya alendo, woyendetsa minibasi ndi komiti ya tchalitchi ayenera kufunsa aulumali eni ake asanaike njerwa yoyamba kapena kukonza mipando. Anyamata achifundo adzafunikabe masiku onse, koma ntchito yao idzakhala kulonjera mlendo ndi kumlandira katundu, iye akulowa yekha.