Fupa Silidziwa Changu

Khala pansi, mdzukulu wanga. Ndamva kuti akupatsa gulu la ophunzira kuti uziwaphunzitsa za mafupa. Ndamvanso kuti ukudandaula. Ukuti ana a masiku ano maso ali pa foni, buku lalikulu satsegula, ndipo ukanena kanthu amafuna kudziwa chifukwa chake. Tchera khutu. Galu wamkota sakandira pachabe.

Ntchito imeneyi idayamba movutika m'dziko muno. Mu 1985, ku Blantyre, dokotala wa ku Canada, a Ed Blair, adayamba kuphunzitsa azachipatala athu kusamala mafupa. Maphunzirowo anali a miyezi 18. Sukulu ya madokotala kunalibe, poti College of Medicine idadzatsegulidwa mu 1991. Otuluka m'maphunziro aja ndiwo adasenza zipatala za m'maboma. Zida zawo zinali manja, chikhakha, chingwe ndi cholemera chokokera mwendo. Wothyoka fupa la ntchafu ankagona pabedi milungu 6 kapena kuposerapo, mwendo uli chikokere.

Ife tinkaphunzira titaima kumbuyo kwa mkulu, kuonerera, pakamwa tili chitsekere. Wofunsafunsa ankaoneka wamwano. Njira imeneyo idatulutsa manja aluso, inde. Idatulutsanso anthu amantha, obisa zimene sakudziwa. Mbewa yamanyazi idafera kuuna. Koma m'chipatala wofera kuuna ndi wodwala, wamanyaziyo ali moyo. Choncho ukali wakalewo usautengere. Wophunzira akakufunsa, muyankhe. Ukamukalipira pamaso pa odwala lero, mawa adzaona zala za mwana zikutupa, n'kuopa kukudzutsa usiku.

Foniyo usadane nayo. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Lero wa kuchipatala cha kutali amajambula chithunzi cha X-ray, n'kutumiza pa WhatsApp kwa katswiri wa ku Queens kapena ku Kamuzu Central, yankho n'kubwera dzuwa lisanalowe. Kale wodwala ankayenda ulendo wautali kukamva mawu omwewo. Ndiye gwiritsa ntchito chimene ana ali nacho m'manja. Apatse vidiyo ya opareshoni madzulo, aionere kangapo. M'mawa usawabwerezere zomwezo pa bolodi. Afunse mafunso, uwapatse mafupa a pulasitiki, aboole, akhotetse, ayambirenso. Kulakwa kwa pa pulasitiki sikulumaza munthu. Koma uwauze molimba kuti nkhope ndi dzina la wodwala zisamayende pa foni. Matenda a munthu si nkhani ya pabwalo.

Tsono chenjera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vidiyo imaonetsa opareshoni yoyenda bwino yokhayokha. Ntchito ya maola imaifinya kukhala ya mphindi zochepa. Woonera amadzuka akuyesa kuti wadziwa. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Nyengo ya mango ikafika, upite nawo ku wodi ya ana. Adzapeza mwana wagwa mumtengo, wathyoka pamwamba pa chigongono. Chithunzi chidzaonetsa fupa. Sichidzanena ngati magazi akufika kuzala. Chimenecho chimadziwika ndi dzanja. Wophunzira agwire mkono, amve kugunda kwa mtsempha. Atsine chikhadabo, aone ngati kufiira kukubwerera msanga. Amuuze mwanayo agwedeze zala chimodzichimodzi. Chikhakha chikathina, mkono umatupira m'kati. Ululu umakula, mankhwala osauletsa, ndipo ukawongola zala mwana amakuwa. Pamenepo chikhakha ching'ambidwe usiku womwewo, wamkulu aitanidwe. Ukadikira kuti kuche, minofu imafa, dzanja n'kupinimbira moyo wonse. Madzi akatayika saoleka.

Chimodzimodzi anyamata a kabaza amene akudzaza mabedi masiku ano. Fupa likatulukira kunja, bala litsukidwe bwinobwino ndi madzi ochuluka, mankhwala opha tizilombo aperekedwe nthawi yomweyo. Waulesi amasoka bala lili ndi dothi kuti aweruke msanga. Pakapita miyezi mwendo uja umayamba kutuluka mafinya a m'fupa, ndipo amatha zaka osauma. Banja limagulitsa mbuzi, kenaka munda. Ophunzira ako aone mwendo wotere ndi maso awo, amve fungo lake. Sadzaiwala.

Koposa zonse uwaphunzitse kudekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Taona mmene amawongolera phazi la khanda lobadwa lopindika, mwa njira ya Ponseti. Salipotokola tsiku limodzi. Amaliwongola pang'ono, n'kuika chikhakha. Mlungu ukatha amachotsa, n'kuwongolanso. Amatero kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Akatero mwana amagona ndi nsapato zapadera usiku mpaka atafika zaka ngati 4. Mayi akatopa n'kuzitaya, phazi limabwerera mwakale. Wophunziranso umupatse ntchito mwa makwerero. Poyamba aonerere. Kachiwiri agwire, dzanja lako lili pamwamba pa lake. Kachitatu achite yekha, iwe utaima pambali. Akalakwa muuze tsiku lomwelo, muli awiri, ndipo umuuze chimene walakwa ndi mmene angakonzere. Ana a lero amafuna kumva msanga mmene achitira. Pamenepo akulondola, uwapatse. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Lero zinthu zasintha. Ku Blantyre kuli chipatala cha Beit CURE, chomwe chidatsegulidwa mu 2002. Ku Lilongwe kuli chipatala cha LION. Madokotala athu akuphunzira ukatswiri konkuno kudzera ku Kamuzu University of Health Sciences ndi bungwe la COSECSA. Fupa la ntchafu amaliika chitsulo m'kati, munthu n'kudzuka pa ndodo m'masiku ochepa. Zonsezi ndi zabwino, ana azidziwe. Koma ambiri a iwo adzakagwira ntchito kuboma, kumene magetsi amazima ndipo chitsulo sichipezeka tsiku lililonse. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Atumize kumeneko akadali ophunzira. Akakhale pansi pa akuluakulu amene atha zaka akuwongola mafupa ndi manja. Wodziwa makina okha, makinawo akafa nayenso wafa.

Usaiwale pakamwa. Wophunzira apereke moni kwa agogo asanawagwire mwendo. Afotokoze m'chilankhulo chimene wodwala ndi womudwazika akumva, osati Chingerezi cha m'kalasi. Ena amafika mochedwa atayamba adzera kwa asing'anga, mwendo uli ndi mphini ndi timitengo. Asawanyoze. Wonyozedwa sabweranso, ndipo akafika kumudzi amaletsa anzake. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Ndiye mvetsa, mdzukulu wanga. Kaphunzitsidwe usinthe mmene ungathere, poti mbadwo uliwonse uli ndi khutu lake. Koma usalole mwana aliyense kuchoka m'manja mwako asanadziwe kugwira wodwala, kudikira fupa, ndi kuitana wamkulu zikavuta. Wokhoza mayeso koma zitatuzi alibe, mubweze ayambirenso, ngakhale akwiye nawe. Adzakuthokoza atakula. Mawu a akulu akoma akagonera.