Chigumu cha Asodzi Obwera Chimanjamanja

Padangokhala mayi wina wamasiye pa doko la Ngara, m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Chilumba ndi Karonga. Anasamukira kumeneko chivomezi cha mu Disembala 2009 chitamugwetsera nyumba ku Karonga. Pofukula m'njerwa zogumukazo anapezamo sefuliya imodzi yosapindika, ndipo ndi imeneyo inalera ana ake awiri aakazi.

Tambala woyamba akalira, mayiyo ankakanya nthochi zakupsa kwambiri, zoda makoko, n'kusakaniza ndi mgaiwa, kamchere ndi soda wa kunsonga kwa supuni. Sefuliya ankaikhazika pamakala, makala ena n'kuwayala pa lata lovundikira, moto pansi moto pamwamba. Asodzi a usipa akamazimitsa nyali n'kumakocheza, fungo la chigumu linkawachingamira pamchenga.

Koma mayiyu anali ndi mwambo umene unkamudya moyo mwana wake wamkulu. Msodzi aliyense wobwera chimanjamanja ankamudulira chigumu osamulipiritsa. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukavundula nyanja, theka la sefuliya linkatha motero.

"Amama, tidzalemera liti?" ankafunsa wamkuluyo.

"Bweretsa mpeni, mwanawe," mayiyo ankangoyankha choncho.

Mayi uja atamwalira, wamkulu anatenga sefuliya anthu asanabalalike n'komwe pamaliro, pakuti padoko pankamveka mphekesera yoti inali ndi chizimba. Chikanaipulumutsa n'chiyani pa chivomezi? Wamng'ono anatsala ndi mpeni wodulira basi.

Wamkulu analengeza kuti zaulere zapita ndi mwini wake. Mwezi woyamba ndalama zinachuluka ndithu, mpaka anagula chitenje chatsopano. Kenaka nkhuni, zimene kale zinkangopezeka kuseri kwa khitchini, zinayamba kufuna ndalama. Amayi akumtunda obwera ndi mikoko ya nthochi anati iwo sagulitsa, amasinthanitsa ndi usipa. Iye usipa analibe, ndipo zaka zonsezo anali asanafunsepo kumene usipa wa mayi ake unkachokera. Anachepetsa nthochi, nawonjezera soda kuti chigumu chifufume. Chinafufumadi, koma chinkawawa ngati phulusa. Okwera minibasi za ku Mzuzu ankagula kamodzi, ulendo wotsatira n'kuyang'ana kumbali.

Atamva kuti mng'ono wake akuphika mu mphika wobwereka ndipo chigumu chikutha dzuwa lisanakwere, anapita kwawoko atakwiya.

"Iwe, chizimba cha amama unachichotsa liti m'sefuliya muja?"

"Achemwali, gonani konkuno. Mudzachione nokha padoko."

M'bandakucha mwera unali ukuwomba. Mabwato atatu anakocheza opanda kanthu, ndipo wamng'ono anadulira asodzi onse, mmodzimmodzi. Wamkulu anawerenga zidutswazo chamumtima, nangopukusa mutu. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu nyanja inagona. Asodzi omwe aja anabwera mabwato atalemera, ndipo aliyense podutsa ankakhuthulira mbale ya usipa m'beseni la mtsikanayo, osayankhula, osamuyang'ana n'komwe. Wina anakoka chipika cha nkhuni nachisiya pambali pake. Dzuwa lili pamutu, amayi akumtunda anatenga usipawo, nasiya mikoko iwiri ya nthochi.

Wamkulu anatsatira msodzi wina wokalamba amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo.

"Agogo, kodi ndi ngongole imene mukubwezayi?"

"Ngongole yake iti, mwanangu? Amama ako sanalembepo munthu m'buku. Nyanja ikatimana ankatidyetsa, ikatipatsa tinkawakumbukira. Iwe unatiuza kuti zinapita ndi mwini wake, ife tinamva."

Usiku umenewo wamkulu sanagone. Tambala atalira ananyamula sefuliya ija kupita nayo kwa mng'ono wake, ndipo anakanya nthochi limodzi, osatchulanso za chizimba. Padoko, bwato loyamba linali la mnyamata wina amene ukonde wake unang'ambika usiku, wabwera ali zyoli. Wamkulu anapempha mpeni, nadula kachidutswa kopyapyala, koonekera kuwala.

"Achemwali," anatero wamng'ono, "amama akanakuonani!"

Wamkulu anayang'ana kachidutswako, nakaponya m'kamwa mwake. Kenaka anasuntha mpeni zala zitatu, nadula china, nachipereka ndi manja awiri. Mnyamatayo anadya ataimirira, napempha madzi akumwa.