Kuchepetsa Kapena Kulekeratu?

Pa mafunso amene akatekista amabwera nawo kwa ansembe pali limodzi losatha: kodi Mkristu womwa mowa timuuze kuti achepetse, kapena timuuze kuti alekeretu? Ambiri amafuna yankho lalifupi, loti akalinene pa Lamulungu anthu amve, nkhani ithere pomwepo. Koma yankho lalifupi pa nkhani iyi limapulumutsa ena ndi kusokeretsa ena, tsono tiyeni tiyambe taiyala bwino nkhaniyo tisanaweruze munthu.

Eklezia sanaphunzitsepo kuti mowa pa wokha ndi tchimo. Ambuye Yezu anasandutsa madzi kukhala vinyo pa ukwati wa ku Kana, ndipo pa Misa wansembe amapereka vinyo weniweni. Makolo athunso anali ndi mowa wao wa masese, wa pa dima, wa pa ukwati, wa pometa maliro. Chipanda chinali kuzungulira pakati pa akulu, ana ali poteropo, ndipo mtsuko ukatha anthu anali kubalalika. Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Eklezia amene anamwalira m'chaka cha 1274, anati kumwa vinyo sikoletsedwa, koma kumasanduka koipa pa zifukwa zinai: ngati wakumwayo ali munthu woti vinyo amamuononga msanga, ngati analumbira kwa Mulungu kuti sadzamwa, ngati apyola muyezo, ndiponso ngati kumwa kwake kugwetsa anzake. Kachasu sanamudziwe mkuluyu, koma mtima wa munthu anaudziwa.

Tsono anthu amakonda chifukwa chachitatu chija, cha muyezo, pakuti chimaoneka chopepuka. Amati, "Ine ndimamwa mwa muyezo, Bambo." Chabwino. Nanga woyeza ndani? Apa ndi pamene pagona bvuto lonse. Munthu akamayeza ufa kapena mchere, dzanja loyezera silisintha. Koma poyeza mowa, chinthu choyezedwacho ndicho chimaononga woyezayo. Mowa ukalowa m'magazi umayamba wagonetsa mlonda wa m'mutu, ndiye kuti nzeru imene imatiuza kuti pano pakwana. Bambo amene m'mawa anati adzamwa mabotolo awiri okha sanali kunama, anatsimikizadi. Koma amene akuitanitsa botolo lachitatu madzulo ndi woweruza wina, wogona kale diso limodzi, ndipo mlandu uliwonse amaugamula mokomera ludzu. Ndi chifukwa chake Thomas Woyera anaika kulemera kwa tchimo la kuledzera pa ichi, kuti munthu, akudziwa mphamvu ya chakumwacho, amataya dala nzeru imene Mulungu anamupatsa yomusiyanitsa ndi nyama. Mlandu suyambira pamene munthu wagwa m'ngalande, umayambira pamene anali ndi nzeru zake zonse nasankha kukakhala pa malo pamene akudziwa kuti adzazitaya.

Masiku ano tikudziwanso zina zimene akale sanazidziwe. Chiwindi chimachotsa mowa m'thupi pang'onopang'ono, pa liwiro lake, ndipo palibe khofi kapena madzi ozizira amene angachifulumize. Kuyambira 1988 akatswiri a matenda a khansa anaika mowa m'gulu la zinthu zodziwika ndithu kuti zimayambitsa matendawo, makamaka kukamwa, kummero ndi kuchiwindi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linawerenga kuti m'chaka cha 2019 chokha mowa unapha anthu okwana 2.6 miliyoni, ndipo mu 2023 linanena poyera kuti palibe muyezo wa mowa umene tinganene kuti suononga thupi konse. Izi sizisandutsa chikho chimodzi kukhala tchimo, ai. Koma zimatilanda bodza lija lokoma loti mowa wapang'ono ndi mankhwala. Ndipo kachasu ali ndi bvuto lakelake: wotchezayo sadziwa ukali wake, wakumwayo saudziwanso, tsono kunena za muyezo pamenepo kuli ngati kuyeza nsalu mu mdima.

Kodi tsono aliyense alekeretu? Sinditero. Alipo anthu, ndipo ngambiri, amene amamwa chikho pa chikondwerero, nabwerera kwao ndi miyendo yao, osaganizanso za mowa mpaka mwezi utatha. Otere achepetse ngati aona kuti ndi bwino, ndipo tisawasenzetse katundu amene Mulungu sanawasenzetse. Koma alipo ena amene mau akuti kuchepetsa ali msampha kwa iwo, ndipo pa awa ndifuna tione moyo wa munthu mmodzi.

Matt Talbot anabadwira ku Dublin, m'dziko la Ireland, m'chaka cha 1856, m'banja losauka la ana ambiri. Ali ndi zaka 12 anayamba nchito kwa ogulitsa vinyo, nayamba kumwa pomwepo. Kwa zaka 16 malipiro ake anali kuthera ku mowa. Ndalama zikatha anali kupinyolitsa nsapato zake, ndipo tsiku lina iye ndi anzake anaba choyimbira cha munthu woyimba m'miseu, chija Azungu amati vayolini, nachigulitsa kuti amwere. M'chaka cha 1884, alibe ndi khobidi lomwe, anakaima pakhomo pa nyumba ya mowa kuyembekeza kuti anzake amene anali kuwagulira amuitana. Anamupitirira onse. Anabwerera kwao, nauza mai ake kuti akukalumbira zoleka mowa, napita kwa wansembe ku Clonliffe.

Taonani chimene analumbira: miyezi itatu yokha. Sanati moyo wonse, pakuti anadzidziwa. Itatha miyezi itatuyo anaonjezera, ndipo pambuyo pake analumbira mpaka imfa. Zaka zoyambazo zinali zowawa kwambiri. Nthawi imene kale anali kukhala pa mowa anaidzaza ndi Misa ya m'mamawa, ndi mapemphero m'matchalitchi akutali kumene anzake akale sakanamupeza, ndiponso ndi kuphunzira kuwerenga bwino, pakuti sukulu sanapite nayo patali. Anakhala zaka 41 osalawa mowa, zambiri mwa izo akugwira nchito yonyamula matabwa, mpaka anagwa nafa mu mseu pa 7 Juni 1925 akupita ku Misa. Papa Paul VI anabvomereza mu 1975 kuti atchedwe Wolemekezeka.

Chimene chimandigwira mtima pa munthuyu si kusala kwake zakudya, kumene si aliyense angakutsanzire, koma ngongole. Ataleka mowa anayenda nabweza ndalama zonse zimene anakongola m'nyumba za mowa. Anafunafuna mwini choyimbira uja kuti amulipire, ndipo atalephera kumupeza anapereka ndalamazo kuti amuchitire Misa. Ife timaiwala mbali iyi. Munthu akaleka kumwa timamuombera m'manja ngati mlandu watha, pamene mkazi wake adakalira mbuzi imene inagulitsidwa usiku, ndipo mwana analeka sukulu chifukwa ndalama za mayeso zinathera pa shabini. Kudziletsa ndi khalidwe lokoma, koma chilungamo ndi china, ndipo chimafunsa zake. Woleka mowa ayenera kubweza zimene angathe, ndi kupepesa pa zimene sangathe kubweza.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti ali m'gulu liti? Njira ya Matt Talbot ndiyo yabwino koposa zonse zimene ndingapereke. Asatsutsane ndi katekista, angoyesa. Adziikire nyengo, ngakhale masiku 40 a Lenti, osalawa ndi dontho lomwe. Ngati masikuwo apita popanda nkhondo, ameneyo ndi mfulu, ndipo angathe kudziikira muyezo m'mawa nausunga madzulo. Koma ngati pa tsiku lachinai wapeza kale chifukwa chomwera, maliro a mnansi, mlendo wochokera ku Joni, mutu wowawa. Ngati amabisa botolo, ngati amakwiya mkazi wake akangotchula nkhaniyi, ngati adzuka osakumbukira za dzulo, ameneyo wadziyankha yekha. Ndiye munthu wa chifukwa choyamba chija cha Thomas Woyera, ndipo kwa iye kulekeratu si uphungu chabe, ndi udindo pamaso pa Mulungu. Akagwa pakati pa njira asataye mtima. Akalape, ayambirenso kuwerenga masiku.

Chatsala ndi chifukwa chachinai, chokhudza ife tonse, omwa ndi osamwa. Kwathu kuno kukana chipanda kumaoneka ngati kunyada, ndipo munthu amene wayamba kuleka timamuseka kuti akulamulidwa ndi mkazi, kapena timamukakamiza kuti angonyowetsa kummero. Abale anga, amene apatsa chikho munthu wotere akudziwa bwino za kufooka kwake, tchimo la kuledzerako amagawana naye. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 pofuna kuteteza ana, ndipo linachita bwino, koma palibe lamulo limene lingaletse mnzako kukukokera pa mowa. Ku Dublin komweko, m'chaka cha 1898, wansembe wa chipani cha Ajezuiti, James Cullen, anayambitsa gulu la Pioneer, la anthu amene ambiri a iwo sanali zidakwa konse, koma analeka mowa mwaufulu ngati nsembe yopempherera ogwidwa nawo. Ndiganiza kuti katekista, kapena mkulu wa mphakati, amene m'dera lake muli mabanja osweka ndi kachasu, ayenera kulingalira zimenezi mofatsa. Palibe akumulamula, koma munthu woyesa kuleka amalimba mtima akaona kuti pa ukwati pali winanso womwa thobwa.

Za mai wotcheza kachasu kuti alipirire ana ake sukulu sindinena zambiri lero. Kumudzudzula pa guwa ndi kosabvuta. Kumupezera njira ina yopezera ndalama ndiyo nchito yeniyeni ya mphakati, ndipo imafuna nkhani yakeyake.

Chenjezo limodzi kwa akatekista. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka asaleke mwadzidzidzi ali yekha. Thupi lozolowera mowa likaumanidwa limanjenjemera, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amakomoka ngati akhunyu, ena amaona zinthu zosaoneka nabwebweta, ndipo zimenezi zingathe kupha. Si ziwanda, ndiponso si ufiti. Wotere mupite naye kuchipatala poyamba, akamupatse mankhwala omuolotsa masiku oopsawo, ndipo mupeze Akristu awiri kapena atatu omamuyendera madzulo, nthawi imene kale anali kupita ku mowa.